Digiri ya Kunja Munthu Ali Pakhomo Pake

Kuphunzira pa yunivesite yakutali sikunayambe lero. University of London inatsegulira ophunzira akutali mayeso ake a digiri mu 1858, ndipo UNISA ya ku South Africa inayamba kuphunzitsa mwa makalata mu 1946. Tsopano makalatawo alowedwa m'malo ndi intaneti. University of the People, imene inakhazikitsidwa ku America mu 2009, imalipiritsa ndalama yolembetsera ndi ya mayeso yokha. Motero mphunzitsi kapena kalaliki wa Boma angathe kuphunzira madzulo osasiya ntchito yake.

Komatu digiri yosavomerezeka siikweza munthu pantchito. Wanzeru asanatulutse ndalama zake ayambe wafunsa ku National Council for Higher Education ngati pepalalo lidzalandiridwa kuno ku Malawi. Pakuti safunsa anadya phula.