Mfuti yobisa kudenga ilibe inshuwalansi

Nkhondo ya pachiweniweni ya m'dziko la Mozambique inatha pa 4 October 1992, tsiku lomwe a Joaquim Chissano ndi a Afonso Dhlakama anasayinirana pangano la mtendere mu mzinda wa Rome. Koma mfuti sizinathere pomwepo ayi. Pamene anthu a ku Massangulo, Ngauma, Mandimba ndi Cuamba amabwerera kwawo kuchokera ku Malawi komwe anathawira, zida zambiri zinali zitakwiriridwa m'tchire ndipo zina zitasomekedwa m'madenga a nyumba.

Kuwonjezera apo, mabanja ena anali kale ndi mfuti za gogodera zomwe anasiya makolo, zochokera m'nthawi ija amalonda a Chiyao ankasinthanitsa minyanga ya njovu ndi nsalu, mfuti ndi onga.

Osunga mfutizi anali ndi zifukwa zawo. Ena ankati ndi zopirikitsira nguluwe ndi anyani m'minda ya chimanga. Ena ankati ndi chuma chodzagulitsa njala ikavuta, pomwe ena ankangoti mtendere wa andale sudziwika mawa lake. Koma funso lomwe ambiri sankadzifunsa ndi lakuti: nanga mfutiyo itabedwa, itapsera m'nyumba, kapena mwana ataseweretsa n'kuvulaza mnzake, angalipire ndani?

M'matauni, munthu amene ali ndi mfuti zingapo zosakira nyama amatha kupita ku kampani ya inshuwalansi. Ku Mozambique kampani yakale yodziwika ndi EMOSE, yomwe boma linakhazikitsa m'chaka cha 1977. Inshuwalansi imayenda chonchi: mwini katundu amapereka ndalama pang'ono chaka ndi chaka, ndipo ngozi ikagwa kampani imamubwezera malinga ndi mtengo womwe anagwirizana. Isanavomere, kampani imafuna kudziwa mtundu wa mfuti iliyonse, nambala yomwe inadindidwa pa chitsulo chake, mtengo wake, malo omwe imasungidwa, komanso chiphaso cha boma.

Palinso inshuwalansi ina yolipira munthu wina amene wavulazidwa ndi mfutiyo mwangozi. Ku Portugal, lamulo la zida la m'chaka cha 2006 limakakamiza alenje kukhala ndi inshuwalansi ya mtundu umenewu.

Pa nkhani ya chiphaso m'pamene mfuti zambiri za m'midzi zimagwera. Malamulo a zida omwe boma la Mozambique linavomereza m'chaka cha 2007 amati munthu wamba asakhale ndi mfuti popanda chilolezo cha apolisi, ndipo zida za nkhondo monga AK-47 ndi za asilikali ndi achitetezo okha. Tsidya la Chiponde nakonso lamulo la Malawi la m'chaka cha 1967 limafuna chiphaso. Mayiko a SADC anasayiniranso pangano lothana ndi mfuti zopanda chilolezo mu mzinda wa Blantyre mu August 2001. Choncho palibe kampani yomwe ingalipire katundu amene lamulo limaletsa. Mfuti yotere ikabedwa, mwini wake sangathe ngakhale kukadandaula ku polisi, pakuti akatero wadzipalira yekha mlandu.

Njira imodzi yomwe mfuti yobisa inabweretsako phindu m'dzikoli inayamba m'chaka cha 1995. Bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi bishopu wa Anglican a Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yotchedwa Transformação de Armas em Enxadas, kutanthauza kusandutsa zida kukhala makasu. Munthu ankabweretsa mfuti ndipo ankalandira khasu, njinga, makina osokera kapena malata, osati ndalama, kuopa kuti angakagule mfuti ina. Wobweretsayo sankaimbidwa mlandu, ndipo mfutiyo inkadulidwa kuti isadzagwirenso ntchito.

A Sengulane ankachenjeza anthu kuti kugona ndi mfuti m'chipinda kuli ngati kugona ndi njoka, yomwe tsiku lina idzaluma mwini wake. Pofika m'chaka cha 2005 ntchitoyi inali itasonkhanitsa zida za mitundumitundu zoposa 600,000, ndipo mudzi wina unalandira thirakitala utapereka zida 500. Zidutswa za mfutizo amisiri a ku Maputo anaziwotcherera n'kupanga zinthu zokongola. Mpando womwe a Cristóvão Canhavato anapanga ndi mfuti m'chaka cha 2001 unagulidwa ndi British Museum ya ku London m'chaka cha 2002.

Kwa mlenje amene mfuti yake ili ndi chiphaso, ngakhale alibe ndalama za inshuwalansi, pali zomwe angachite. Alembe nambala ya mfutiyo papepala ndi kulisungitsa kwa m'bale wodalirika pamodzi ndi kope la chiphaso, chifukwa nyumba ya udzu ikapsa mapepala amapsera momwemo. Asunge zipolopolo padera, pomwe ana sangafikire, ndipo mfuti ikasowa akanene ku polisi msanga. Mwini mfuti akamwalira, akubanja asaigawe pamodzi ndi mbuzi ndi njinga, pakuti chiphaso ndi cha munthu mmodzi ndipo sichilowa chokolo.

Amene akudziwa pamene panakwiriridwa zida asafukule yekha. Boma linalengeza mu September 2015 kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa, koma bomba lomwe linaiwalika m'dzenje limatha kuphulika ngakhale patapita zaka zambiri. Akadziwitse mfumu ya m'mudzi kuti apitire limodzi ku polisi.

Pa mbendera ya Mozambique pali mfuti ndi khasu zopingasana. Pa ziwirizi, chomwe chimadzaza nkhokwe ku Ngauma ndi khasu, ndipo likabedwa mwini wake amakanena kwa mfumu masanasana popanda mantha.