Bizinesi Iyenda, Nanga Ndalama Ipita Kuti?

Mu Kabwata muli mayi wina wa saluni. Pa Chiweru simungapeze pokhala: uyu akulukidwa, uyu ayembekeza ndi wigi m'manja. Anthu amati, "Ba sisi aja balemera." Koma mwezi uno landilodi anabwera kawiri, ba sisi n'kubisala kuseli kwa katani. Manje ndalama ipita kuti?

Choyamba ndi nkhongole. Makasitomala ake ambiri ndi azimayi a mu ofesi, ena ochokera ku Woodlands ndi Kabulonga. Tsitsi likatha mumamva, "Nizatuma pa foni kumapeto kwa mwezi, mwandi." Kukana n'kovuta, kaili kasitomala wotere amabweretsa anzake. Koma ku Kamwala, kumene amaoda mawigi ndi mafuta, amafuna ndalama pamanja. Motero phindu lili m'buku chabe, mashelufu ali mbee.

Chachiwiri ndi malaiti. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, ndipo makomboni ena ankakhala maola oposa 17 pa tsiku opanda magetsi. Dilaya inangokhala chokongoletsa. Mnzake wa ku Chelstone, amene amaphika makeke a maukwati, ankadzuka pakati pa usiku malaiti akabwera. Jenereta kapena sola ikanathandiza, koma zonsezo zifuna ndalama imene alibe.

Chachitatu ndi malo. Mng'ono wake ankagulitsa salaula mumsewu mu tauni mpaka mu July 2023, pamene boma linachotsa mavenda pakati pa mzinda. Nkhani ya ukhondo ndi yoona, kolera tonse tiidziwa. Koma amene amagula akuthamangira basi salowa mkati mwa maliketi kukafuna bulauzi.

Chachikulu kwambiri chili kunyumba. Thumba la bizinesi ndi thumba la ndiwo ndi limodzi. Malasha akatha, mwana akadwala, maliro akagwa kumudzi, onse ayang'ana amayi. Nawonso abambo: "Nibwerekeko K200, nizabweza mailo." Mailo lake silifika.

Nanga bwanji osapita ku banki? Banki imafuna chikole, ndipo mapepala a nyumba nthawi zambiri sali m'dzina la mayi. N'chifukwa chake ambiri amadalira chilimba, kumene mumasonkha n'kupatsa mmodzi mwezi uno, wina mwezi wamawa. Ena ali mu village banking, kumene mumakongozana ndi chiwongoladzanja, n'kugawana pakutha pa chaka. Zonsezi zimayenda ngati aliyense alipira. Mmodzi akathawa, mulira nonse. Zikavuta ndiye kaloba. Ba sisi athu anatenga K500, mwezi utatha anabweza K750. Ndiye kuti mitu ingapo anailukira mwini kaloba.

Thandizo liliko. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konsityuwensi iliyonse, ndipo gawo lina ndi la azimayi ndi achinyamata. Koma pafunika gulu lolembetsedwa, mafomu ndi kuyembekeza. Kwa munthu amene akatseka shopu tsiku limodzi ana sadya, mzere nawo ndi mtengo.

Masiku ano ba sisi asintha. Ndalama ya oda amaisunga pa nambala ina, ndipo sagwira mutu wa munthu asanalandire hafu. Makasitomala awiri anakwiya n'kuleka kubwera, koma renti yatsala pang'ono kukwana.

Inu amene munawala pa kitchen party sabata yatha, tsitsi lija munalipira?