Kuyeza Zitsulo za Poizoni m'Madzi Pogwiritsa Ntchito Kuwala kwa Leza

Alimi a mpunga, asodzi ndi ochita malonda a nsomba m'boma la Nkhotakota amadalira madzi a m'nyanja ya Malawi, a ku Chia ndiponso a m'mitsinje ya Bua ndi Dwangwa. Komatu madzi ooneka oyera angathe kukhala ndi zitsulo za poizoni monga mtovu, kadimiyamu ndi mekyule. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo kololini kumapha tizilombo toyambitsa matenda, koma sikuchotsa mtovu kapena kadimiyamu.

Zitsulozi zimachokera ku mabatire otayidwa mwachisawawa, ku feteleza wina wa fosifeti ndi ku mekyule amene ena amasefera golide. Mvula ikazikokololera m'mitsinje, mekyule amaunjikana m'thupi la nsomba pamene kadimiyamu amalowa mu mpunga. Mtovu umaononga ubongo wa ana, kadimiyamu amaononga impso. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization linaika malire akuti lita imodzi ya madzi akumwa isapitirire mamiligalamu 0.01 a mtovu, 0.003 a kadimiyamu ndi 0.006 a mekyule.

Imodzi mwa njira zoyezera zitsulozi imatchedwa LIBS. Makina amawombera kuwala kwamphamvu kwa leza pa kadontho ka madzi kwa kanthawi kochepetsetsa. Kadonthoko kamasanduka kamoto kotentha madigiri masauzande angapo, ndipo pozizira chitsulo chilichonse chimatulutsa kuwala kwa mtundu wakewake. Kuwala kwa mtovu kumadziwika pa mananomita 405.8, kwa kadimiyamu pa 228.8. Chipangizo chosiyanitsa kuwala chimatumiza zotsatira ku kompyuta: mtundu wa kuwala umaulula dzina la chitsulo, mphamvu yake imasonyeza kuchuluka kwa chitsulocho.

Popeza madzi amathovoka leza ikawagunda, akatswiri amayamba aumitsa timadontho pa pepala losefera kuti chitsulo chiunjikane malo amodzi. Njirayi ndi yachangu ndipo safuna mankhwala ambiri, koma pamene chitsulo chili chochepa kwambiri, zotsatira zimatsimikizidwa ndi njira zina za mu labotale.

M'dziko muno madzi amayezedwa ku Central Water Laboratory ku Lilongwe, pamene Malawi Bureau of Standards imayeza zakudya ndi katundu wamalonda. Anthu onse akupemphedwa kuti asataye mabatire m'mbali mwa nyanja ndi mitsinje. Amene akukayikira madzi a pachitsime, pamjigo kapena m'ngalande zothirira mpunga akadziwitse ofesi ya zamadzi ya m'boma la Nkhotakota mwamsanga.