Kodi mumadziwa kuti chikhalidwe cha dziko chimapatsidwa malikisi?

Pa muyeso wa "aliyense payekha", dziko la Colombia linapeza malikisi 13 okha, pomwe America inapeza 91.

Anawerengetsa ndi Geert Hofstede wa ku Netherlands, pogwiritsa ntchito mayankho a antchito a kampani ya IBM m'mayiko ambiri pakati pa 1967 ndi 1973. Malikisi akatsika ndiye kuti anthuwo amatsogoza chibale: kuthamangira maliro, kusonkherana pa ukwati, kulipirira fizi mwana wa mchemwali.

Komatu nambala imodzi singakwanire dziko lonse. Ku Dedza kokhaku, Achewa ndi Ayao ndi a chikamwini, nkhani za ana amagamula ndi atsibweni. Angoni a Maseko anabwera ndi malowolo, ana n'kukhala a kuchimuna, ngakhale ambiri anadzatengera za Achewa.