Laputopu ikucedwa? Yambani mwaona mano ake musanagule SSD

Pa anthu amene timapanikizana nawo mu minibus m'mawa ulionse, ambili amakumbatila cikwama pa cifuwa monga mwana. Mkati muli laputopu. Wina ni wophunzila wa pa UNZA kapena pa Evelyn Hone, wina amalembelapo ma quotation a kakampani kake, wina amaikila anthu nyimbo pa kantemba. Zambili mwa laputopu zimenezi ni za second hand zocokela kunja, ndipo dandaulo la eni ake ni limodzi: ukaiyatsa, ungaphike tiyi na kumwa isanatseguke.

Malangizo amene aliyense akuuza mnzake masiku ano ni akuti cotsa hard drive, uikemo SSD. Ni malangizo abwino. Koma n'tazungulila m'mashopu okonza makompyuta m'tauni, kuyambila ku Cairo Road mpaka ku Town Centre, n'naona vuto limene limabwela kaŵili-kaŵili. Munthu afika na SSD yogula kale kwina, wokonza atsegula laputopu, cinthu cikana kuloŵa. Paketi yang'ambidwa, ndipo si wogulitsa aliyense amene angavomele kuilandilanso.

Tiyambe na cifukwa cake kusinthako kumathandiza. Hard drive yakale ili na kambale mkati kamene kamazungulila, m'malaputopu ambili maulendo 5,400 pa mineti, na kadzanja koŵelenga monga ka singano ka gilamafoni. Ikalimbikila imaŵelenga ma megabyte pafupi-fupi 100 pa sekondi. SSD ilibe ciliconse cozungulila, ni ma chip cabe, ndipo olo ya mtundu wocedwa imafika pa 500 na kupitilila. Kwa ise a m'ma minibus pali phindu lina. Kambale kozungulila kamaopa kugwedezeka, maka-maka ngati mwangotseka civundikilo osazima laputopu bwino-bwino. SSD ilibe nazo nchito za ma hump na maenje a mu mseu.

Manje nkhani ili pa polumikizila. Dzina lakuti SSD lili monga lakuti tayala: la Corolla silingakwane pa Rosa. Mitundu imene mungapeze mu laputopu ni iyi.

Woyamba ni SATA wa mainchesi 2.5, kabokosi kokula monga cikhato. Uyu ndiye ali m'malaputopu ambili a zaka za pakati pa 2008 na 2016. Mano ake ali m'magulu aŵili, 7 a data na 15 a magetsi. Ngati hard drive yanu ni yotele, SSD ya SATA 2.5 idzaloŵa pamalo amodzi-modziwo. Onani cabe kunenepa kwake: pali za mamilimita 7 na za 9.5. Yoonda ikaloŵa pamalo a yonenepa imafuna kocilikizila kuti isamagwedele.

Ngati laputopu ni yakale kwambili, ya nthawi ya Windows XP, mungapeze IDE, ya mano 44 osongoka monga tumisomali. SATA siloŵa pamenepo, ndipo kunena zoona makina a msinkhu umenewo si oyenela kuwatailapo ndalama.

Wina ni mSATA, kakhadi kafupi kamene kanali kofala ca m'ma 2011 mpaka 2014. Polumikizila pake pamafanana na pa kakhadi ka Wi-Fi, koma kufanana nkhope si cibale. Mungaloŵetse bwino-bwino, laputopu osakaona.

Wovutitsa anthu kwambili ni M.2, kakhadi katali koonda monga cingamu. Pansi pa dzina limodzili pali mitundu iŵili, M.2 SATA na M.2 NVMe. Yang'anani kumano. Ya NVMe nthawi zambili ili na mpata umodzi, ya SATA ili na mipata iŵili. Msampha uli apa: ya mipata iŵili ingaloŵe pamalo a NVMe popanda kukakamiza, koma ngati laputopu siidziŵa cinenelo ca SATA pamalo amenewo, mukayatsa mudzapeza kuti palibe cimene yaona. Zimacitikanso mbali inayo, pamalo a SATA yekha kuikapo NVMe. Conco kukwana kwa mano pakokha si umboni.

Pali na utali. Nambala monga 2280 itanthauza mamilimita 22 m'lifupi na 80 m'litali. Palinso 2242 na 2230. Kasikuluu komangila kali pamalo amodzi, ndiye mukagula yaitali pamalo aafupi, civundikilo sicidzatseka.

Musadalile dzina la pa civundikilo lokha. HP EliteBook 840 G3 ili na malo a 2.5 komanso a M.2. EliteBook 840 G5, dzina lofanana, ili na M.2 cabe. Kusiyana kwa nambala imodzi kungakudyeleni ndalama ya transport ya mwezi wathunthu.

Nanga mungadziŵe bwanji musanacoke panyumba? Tembenuzani laputopu muŵelenge model pa kapepala ka pansi. Ngati kanafufutika, dinizani batani la Windows pamodzi na R, lembani msinfo32, muone pa System Model. Nambala imeneyo muifufuze pa foni pamodzi na mau akuti service manual. HP, Dell na Lenovo amaika mabuku amenewa pa intaneti kwaulele, ndipo amachula mtundu wa drive imene makinawo amalandila. Kuti muone cimene cilimo pali pano, dinizani Ctrl, Shift na Esc, pitani pa Performance, ndiyeno pa Disk. Padzalembedwa HDD kapena SSD, na dzina lake. Ngati palembedwa kale SSD, kucedwako kungakhale kwa RAM yocepa kapena fumbi lotsekeleza fani, osati drive.

Njila yosanama ni kutsegula na kuona na maso. Ngati simunazoloŵele masikuluu, pitani nayo kwa wokonza atsegule muli pomwepo, mujambule na foni, ndiye mukagule. Pemphani akuonetseni ngati pali kanthambo kapena kacitsulo kogwila drive. Malaputopu ena amalumikiza SATA kupitila pa kanthambo kopyapyala ka model imeneyo yokha, ndipo kakaduka, kukapeza m'Lusaka ni ulendo wina. Wotsegula yekha azime makina, acotse chaja, amasule batile asanagwile ciliconse.

Ena sadzapeza cosintha n'komwe. Tumalaputopu tochipa twa 32GB kapena 64GB nthawi zambili tuli na eMMC, yowotchelela pa bolodi. MacBook zatsopano nazonso n'cimodzi-modzi, ndipo MacBook Air za 2013 mpaka 2017 zili na polumikizila pa Apple pawo-pawo. Wina akakuuzani kuti iliyonse izakwana, boss, mufunseni ngati waiona mkati.

Cinthu codula kuposa SSD ni cimene cili pa drive yakale: dissertation ya zaka zinayi, mabuku a bizinesi, zithunzi za kitchen party na za malemu amene simudzawajambulanso. Kopelani zonse pa flash kapena pa drive ina musanapeleke laputopu kwa aliyense. Ngati Windows yanu ili na BitLocker, lembani recovery key pa pepala, cifukwa popanda iyo mafailo adzakhala okhomeka olo kwa inu mwini. Pambuyo pake mungasankhe kukopela Windows yonse ku SSD kapena kuikamo yatsopano. Pa malaputopu ambili ocokela nthawi ya Windows 8 kubwela kuno, laisensi ili mu bolodi, conco simufunika kugulanso.

Drive yakale musaisiye pa shopu. Muli NRC yanu, ma statement a ku banki na ma password. Itengeni, muigulile kabokosi ka USB, ikhale yosungilamo zinthu.

Pogula, funsani ngati SSD ni yatsopano kapena yocotsa m'makina ena. Kapulogilamu kaulele ka CrystalDiskInfo kamaonetsa maola amene drive yagwila nchito na thanzi lake, ndipo wogulitsa woona mtima sangakane kukuonetsani. Musadabwe 256GB ikaoneka 238, kapena 500 ikaoneka 465. Sanakubeni, ni kaŵelengedwe cabe ka Windows. Tengani risiti yolembedwa mtundu wa drive na masiku a waranti. Zinthu zikavuta, ku Competition and Consumer Protection Commission adzayamba kukufunsani pepala limenelo.

Cotsiliza coganizila ni msinkhu wa makina. Microsoft inaleka kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0 na processor ya Intel ya 8th generation kupita m'tsogolo, kapena yolingana nayo. SSD idzacititsa laputopu ya 2013 kuthamanga, koma siidzaisandutsa ya caka cino. Ngati nchito yanu ni kulemba, Excel na intaneti, kusinthako n'kopindulitsa kuposa kugula ina. Ngati mufuna kukonza mavidiyo olemela, sungani ndalamayo muonjezele.

Mulimonse mmene mwasankhila, tsatilani dongosolo ili: model coyamba, kutsegula caciŵili, kukopela mafailo cacitatu. Cikwama ca ndalama citseguke pothela.