Mayina achipongwe kusukulu amadwalitsa maganizo a ana athu

M'sukulu zathu za m'malire muno mwana woonda amamutcha "bango", wonenepa "mgolo", wamfupi "chitsa". Akuluakulufe timangoseka n'kumati ndi zachibwana. Koma kwa mnyamata kapena mtsikana amene thupi lake langoyamba kusintha, mawu otere amalasa mumtima.

Mtsikana akanenepa pamene akutha msinkhu, ena amayamba manong'onong'o kuti watenga mimba. Mnyamata akaonda, amati ali ndi kachirombo. Chonsecho kunenepa pang'ono pa msinkhu umenewu ndi chilengedwe, ndipo kuonda kumabwera ndi njala, njoka zam'mimba kapena malungo obwerezabwereza. Kufupika nako nthawi zambiri kumayambira ku ukhanda: kafukufuku wa zaumoyo wa 2022 mpaka 2023 anapeza kuti m'Mozambique ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu ndi opinimbira chifukwa chosowa chakudya choyenera. Kodi mwana walakwa chiyani pamenepa?

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, OMS, limati mwa achinyamata 7 aliwonse a zaka 10 mpaka 19, mmodzi ali ndi vuto la maganizo monga nkhawa kapena kukhumudwa kwambiri. Kunyozedwa ndi anzake ndi chimodzi mwa zoyambitsa zake.

Sukulu ikhoza kukulitsa bala kapena kulipoletsa. Mphunzitsi akaseka nawo, kalasi yonse imaona ngati yaloledwa. Zimbudzi zopanda zitseko ndi yunifolomu yothina zimawonjezera manyazi, mpaka mtsikana amasankha kukhala pakhomo.

Makolo, khalani tcheru mukaona mwana akukana nsima, akudzipatula, akusowa tulo, akudandaula mutu m'mawa uliwonse wa sukulu, kapena akubwerera panjira. Musathamangire kumukalipira kuti ndi ulesi. Khalani naye pansi, mumufunse modekha, ndipo mumvetsere mpaka amalize. Akanena zofuna kudzipha, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Thandizo lilipo. M'zipatala zambiri za boma muli chipinda cha achinyamata chotchedwa SAAJ, momwe amalandira uphungu mwachinsinsi. Mwana kapena kholo angathenso kuimba 116, Linha Fala Criança, osalipira kanthu. Nkhani za chipongwe zitengereni kwa mkulu wa sukulu ndi ku khonsolo ya sukulu, momwe makolo alinso ndi mawu.

Aphunzitsi, itanani mwana aliyense ndi dzina lomwe anam'patsa makolo ake. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.