Buku la mankhwala likhale m'foni

Kuno ku Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire, madzi akasefukira sasankha: amanyowetsa makope a ophunzira anga, mabuku a kuchipatala chimodzimodzi. Namondwe Freddy wa 2023 sitinamuiwale.

N'chifukwa chake ndimakondwa ndikaona wachipatala akutsegula pafoni buku la Unduna wa Zaumoyo la Malawi Standard Treatment Guidelines. Mankhwala a malungo a LA amaperekedwa potengera sikelo: mwana wa makilogalamu 12 samwa mapilitsi ofanana ndi wa makilogalamu 20. Kungoyerekeza pamenepa n'kuika moyo pachiswe.

Odwala ena amang'ung'udza kuti adokotala akuseweretsa foni, chonsecho akutsimikiza mlingo. Unduna uonetsetse kuti wachipatala aliyense wasunga bukuli m'foni mwake, poti netiweki kuno ndi ya apo ndi apo. Sola yotchajira isaiwalike.